Anatituma kwa Nyerere M'malo Mopima Shuga

Anatituma kwa nyerere. Abale anga mwa Ambuye, musaseke msanga. Ine ndi mkazi wanga, amake Esinati, tinapita kuchipatala kukapimitsa matenda a shuga, ndipo munthu wophunzira, wa malaya oyera, anatituma kwa nyerere.

Ndinene poyamba kuti sindikunena boma. Aulamuliro timawapempherera Lamulungu lililonse, ndipo ameni wanga mumamumva. Ndikunena anthu awiri, adokotala ndi anamwino a pachipatala chaching'ono cha kwathu kuno, chimene nonse mukuchidziwa.

Chiyambire kuthyola thonje, amake Esinati akhala akumwa madzi ngati mchenga. Chikho pa chikho, ludzu osatha, thupi kumangotha. Kenako anapunthwa pa chitsa kumunda, chala chachikulu cha phazi lamanzere, ndipo chilondacho chinakana kupola. Odziwa anati zimenezi ndi shuga. Mankhwala ake ali kuchipatala chachikulu. Koma kumeneko akuti supita wopanda kalata ya chipatala chaching'ono. Kalatayo salemba asanapime mkodzo, pepani mawuwa. Ndipo kupimako n'kwa Lachitatu m'mawa basi.

Lachitatu loyamba tinanyamuka 5 koloko panjinga, amake Esinati pakaliyala, ine pa mapedulo, mamailosi khumi ndi imodzi. Tinafika 7 koloko itangodutsa ndi mphindi khumi. Pachipata tinaonetsa makhadi achipani, a chaka chino. Anawayang'ana kutsogolo, anawayang'ana kumbuyo, anawayang'ananso padzuwa. Ndicho chinthu chokha chimene chinapimidwa bwino tsiku limenelo.

Hafu pasiti eyiti anatuluka anamwino ndi chipepala chachikulu, nachipachika pamtengo wa mango. Pachipepalapo panali munthu wamimba ngati mtsuko, atakhala patebulo lodzaza makeke ndi mabotolo a zakumwa. Akuti tiphunzire kaye, pakuti kupewa kumaposa kuchiza. Akuti matendawa avuta dziko lonse lapansi. Akuti tichepetse shuga, tichepetse mchere, tipewe nyama yonona, ndipo tiziyendako.

Tiziyendako! Anauza amayi amene anadzuka tambala woyamba, ana kumbuyo, mapazi ali mbuu.

Pambali panga panakhala Che Adamu, wogulitsa nsomba zouma, amene amabwera ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Anakweza dzanja mwaulemu.

"Amayi, nyama yononayo ikupezeka kuti? Tiuzeni malo ake kuti tizipewa bwino."

Benchi yonse inagwa ndi phwete. Anamwino anati ameneyo ndiye adzalowa pomalizira.

Sinditsutsa chiphunzitsocho. Za mchere ndi shuga n'zoona, ndipo kwathu tayamba kuzitsata. Koma kodi nyumba ikamapsa, mumasonkhanitsa eni ake pansi pa mtengo n'kuwaphunzitsa kuopsa kwa machesi? Ulalikiwo unatenga ola limodzi ndi theka, wopanda nyimbo, wopanda mdalitso. 10 koloko, tiyi. 11 koloko tinalowa kwa adokotala. Sanadzutse mutu. Akuti mkodzo wopima ndi wa m'mamawa, munthu asanadye kanthu, tsono nthawi yapita, tibwere Lachitatu linalo ndi kabotolo.

Ndinati, "Bwana, tafika 7 koloko, ndipo mayiwa sanalawe kanthu."

Anati, "Munandiuza?"

Chilondacho anachipaka mankhwala ofiirira aja, n'kuitana wotsatira.

Lachitatu lachiwiri tinafika ndi kabotolo, titakakulunga m'kansalu ngati chachikhumi. Chiphunzitso chomwe chija, munthu wamimba yemwe uja. 10 koloko tinalowa, tiyi asanapse. Adokotala anafotokoza bwino ndithu, maphunziro ali nawo. Akuti amathira madontho a mkodzo m'mankhwala abuluu, n'kuwiritsa pa kanyali ka sipiliti, ndipo mtundu ukasintha ndiye kuti shuga ilipo. Mankhwala abuluu alipo. Kanyali kalipo. Sipiliti ndiye watha.

Pamene ankanena zimenezi, kuchipinda chakumbuyo pulayimasi inali kulira, fooo, ketulo ili pamwamba.

Che Adamu, amene anaima pakhomo kudikira nthawi yawo, anandikodola. "Achimwene, pulayimasi ya kwanu imayamba kuyaka ndi chiyani? Ndi malovu?"

Ine sindinaone munthu akutsanula sipiliti wa odwala m'pulayimasi, ndipo umboni wonama sindichita. Ndikungonena zimene makutu anga anamva.

Ndinati, "Bwana, moto ndi moto. Bwanji osawiritsa pa pulayimasipo?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'kachisi. "Madala, mukufuna tiwiritse mkodzo pophikira tiyi?"

Kenako anatsamira mpando, naloza pazenera ndi cholembera. Akuti ngati tili ndi changu, tipite kuseri kwa chimbudzi, tikatsanulire pansi, tidikire. Nyerere zikabwera, ndiye shuga.

Ndinawerengapo m'Malemba kuti waulesi amatumizidwa kwa nyerere kuti akaphunzire nzeru. Sindinawerengepo kuti wodwala amatumizidwako ndi waulesiyo.

Komabe tinapita. Munthu wovutika alibe manyazi okwanira. Mkazi wa zaka makumi asanu, mtsogoleri wa amayi mumpingo uno, anatsimphina kupita kuseri kwa chimbudzi, anthu a pabenchi akusuzumira. Ndinatsanula. Ndinayang'ana wotchi. Mphindi zinayi, nyerere ziwiri zinafika. Mphindi khumi ndi ziwiri, panali bii. Amake Esinati anadziphimba kumaso ndi chitenje.

"Bambo a Esinati, ndakhala chionetsero ine? Tiyeni tizipita, ndikafere kwathu."

"Iyayi, mayi. Yankho lapezeka. Kalata ituluka tsopano."

Ndinathamangira m'kati. "Bwana, zabwera! Mpingo wonse, ndi madikoni omwe."

Anati, "Ndiye kuti shuga ilipo, yambiri."

"Tithokoze Mulungu. Lembani kalata."

Anatulutsa fomu, naiyala patebulo, naloza ndi chala. Akuti pano pali polemba mtundu: wobiriwira, wachikasu, kapena wofiira ngati njerwa. "Nanga nyerere ndizilemba pati? Nyerere zimasaina?"

Abale, lilime ndi kachiwalo kakang'ono, koma tsiku limenelo ndinalimbana nalo ngati ng'ombe yolusa. Munthu wavomera ndi pakamwa pake kuti matenda alipo. Phazi lili pamaso pake, latupa mpaka m'kakolo. Cholembera chili m'dzanja. Chikusowa n'chiyani? Mtundu. Anapakanso mankhwala ofiirira.

Lolemba ndinapalasa mpaka ku Balaka, ndinagula sipiliti botolo lathunthu. Ndinati tione chimene chidzathe tsopano.

Lachitatu lachitatu tinafika 7 koloko isanakwane. Amake Esinati sankathanso kuponda, ndinachita kuwanyamula kuchoka panjinga. Chala chija chinali chitada, ndipo ntchentche zinkatidziwa. Ndinaika botolo langa pawindo monyadira. Anamwino anati adokotala kulibe. Apita kumsonkhano wa masiku atatu.

Msonkhano wa chiyani?

Wa kapewedwe ka matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Nanga mankhwala abuluu? Ali m'kabati. Kiyi? Ali m'thumba mwa adokotala, naye wapita kukaphunzira kupewa.

Anamwino anayang'ana botolo langa mwachikondi. "Limenelo mungolisiya, bambo, tikusungirani." Ndinalibweza m'thumba.

Che Adamu anawerama, nayang'ana phazilo, ndipo nthabwala zinawathera. "Achimwene, inu mumapemphera kwanu, ine kwathu, koma Mulungu sanatiuze kuti tizidikira pepala. Pitani ku Liwonde mukakwere basi ya kuchipatala chachikulu lero lomwe. Akakakubwezani, mukagone pakhomo pawo." Njinga yanga anaisunga ndi iwo, ndipo anatiperekeza mpaka pamsewu, atasiya malo awo pamzere.

Kuchipatala chachikulu tinafika 3 koloko masana. Kalaliki anafunsa kalata kamodzi. Ndinavundukula phazi. Sanafunsenso. Kupima kumene tinakuyendera maulendo atatu kunatenga mphindi zisanu. Dokotala wa kumeneko anandicheukira ine, maso ali psuu.

"Bambo, munali kuti masabata onsewa? Anthu akumudzi inu mumakonda kuchedwa kwa asing'anga. Mukanabwera sabata yoyamba, bwenzi tikungotsuka chilonda."

Ndikanayambira pati?

Lachisanu anadula chala chachikulu ndi chinzake choyandikana nacho. Akuti tithokoze kuti phazi latsala. Ndathokoza, ndipo ndikuthokozabe. Amake Esinati ali kunyumba tsopano, akubayidwa jakisoni, akuphunzira kuyenda ndi ndodo ngati mwana. Dzulo anayesa kupita kuchitsime, anabwerera pa mtengo wachiwiri.

Iwo akuti ndikhululuke. Akuti, "Bambo a Esinati, musakazinene, mudzatiputira mavuto." Kukhululuka ndalamulidwa, ndipo ndikulimbana nako m'pemphero tsiku ndi tsiku. Koma kukhala chete sindinalamulidwe, pakuti mlonda woona lupanga likubwera osaliza lipenga, magaziwo amafunsidwa kwa iye.

Tsono ndikufunsa, ndipo akulu ampingo andifunsire kumene mawu awo amafika. Ndani amayang'anira sipiliti wa pachipatala chija? N'chifukwa chiyani kiyi wa mankhwala amayenda ulendo, odwala n'kutsala? Kodi munthu amene maso ake aona phazi likuwola amafunikanso mtundu wanji kuti alembe mizere itatu?

Ndipo inu abale, mukaona wanu akumwa madzi osakhuta, akuwonda, chilonda chikukana kupola, musadikire Lachitatu la munthu. Mukakanizidwa kamodzi, nyamulani wodwala wanu mupite kutsogolo. Ine ndinali wofatsa, ndinali waulemu, ndinati "zikomo bwana" maulendo atatu. Ulemu wangawo analipira ndi mkazi wanga, ndi zala ziwiri.