Ndinaletsa Mkamwini Wanga Kuima pa Khwekhwerere

Ndinapha galimoto ya mwana wanga ndi pakamwa, chonsecho chibadwire sindinagwirepo chiwongolero. Bola zikanathera pa galimoto, koma zinafika mpaka pa banja la mwana wanga wamkazi. Dzina langa sinditchula, mudzi wanganso ayi, chifukwa inu owerenga sindikudziwani. Dziwani chabe kuti ndine gogo wa kufupi ndi Mtakataka, kulemba ndinaphunzira ku mishoni ku Mua, ndipo ondidziwa amati ndimakayikira ngakhale mthunzi wanga. Sanama.

Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ku Joni. Chaka china anatitumizira pikapu ya dizilo, ya zitseko zinayi, yogwirapo kale ntchito. Pa foni anandiuza kuti ndi yotomatiki. Ine ndakwera matola moyo wanga wonse, ndipo ndimadziwa kuti dalaivala amalimbana ndi ndodo ya giya, phazi lili pa kilatchi. Iyi inalibe kilatchi, inkasintha magiya yokha. Ndinasuzumira pansi n'kupeza zopondapo ziwiri zokha, ndipo ndinayamba ndaganiza kuti chachitatucho achiba m'njira. Atandifotokozera sindinamvetsebe. Chinthu chochita zinthu chokha, popanda wochiuza, mungachikhulupirire bwanji? Makiyi ndinawamangirira pa mfundo ya chitenje changa.

Woyendetsa anali mkamwini wanga, bambo a Tadala, mwamuna wa mwana wanga Esinati. Iwo kwawo ndi kuseri kwa Golomoti, anabwera kudzakhala pakhomo pathu pa chikamwini, ndipo kale ankayendetsa lole. Tinawotcheretsa ngolo yachitsulo yokoka kumbuyo, ija amati tirela, n'kuyamba kutenga mpunga wa kuno kuchigwa kukwera nawo ku Dedza, pobwera n'kutsika ndi mbatatesi. Njira yake ndi ya Khwekhwerere, msewu wokhotakhota wokwera phiri kuchokera pa Golomoti.

Apa mundimvetse bwino, makamaka inu a m'tauni. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sakhalira mkeka umodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kutsutsana ndiye n'kosatheka. Koma ine sindikanalola galimoto kuyenda osaiona, choncho ulendo uliwonse ndinkapita nawo. Ndinkakhala mpando wakumbuyo, Esinati kutsogolo. Ndikafuna kunena kanthu ndinkauza Esinati, iye n'kuuza amuna ake, yankho n'kubwerera njira yomweyo, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino m'kagalimoto komweko.

Chokayikitsa choyamba chinali oyilo. Bambo a Tadala anatuma Esinati kudzandiuza kuti makaniko wa pa Golomoti wati giyabokosi ya mtundu umenewu ili ndi oyilo wakewake, wofiira, ndipo popeza tikukoka katundu wolemera, oyiloyo asinthidwe, aikenso kachipangizo komuziziritsa. Ndinafunsa kuti galimoto yadwala chiyani. Anati sinadwale. Nanga munthu wosadwala amamung'amba pamimba? Ndinamvapo kuti amakaniko ena amachotsa chitsulo chabwino n'kuikamo chakutha. Ndinaimbira mwana wanga ku Joni, ndipo iye anati amene anamugulitsa anamuuza kuti oyilo ameneyo sasinthidwa mpaka galimoto kufa. Mawu awiri osiyana, onse ochokera kwa amuna odziwa zitsulo. Ndinasankha amene sankafuna kutsegula kanthu. Tsiku lomwelo ndinatenga penti wa zikhadabo wa mdzukulu wanga, ndinakwawira pansi pa galimoto ndi msana wangawu, n'kudontheza kadontho pa bawuti iliyonse imene ndinaifikira, kuti wina akamasula ndidzadziwe.

Chachiwiri ndicho chinandisokoneza mutu. Nthawi zonse tikafika pakatikati pa phiri, pamalo ena athyathyathya pamene pali mtengo, bambo a Tadala ankaima. Injini osazimitsa. Tinkangokhala, nthawi yokwana kunena theka la pemphero la kolona, dizilo akupsa chabe. Anati giyabokosi ikupuma, yatentha. Ndinayang'ana kasingano kosonyeza kutentha, kali pakati mwa masiku onse. Ndinafunsa kudzera mwa Esinati kuti nanga chatenthacho chili kuti. Anati kasinganoko ndi ka injini, giyabokosi ndi ina. Ndinafunsa kuti ngati yatentha, bwanji osazimitsa moto. Anati ikazima, oyilo sazungulira. Inu owerenga, chinthu chizizire chikuyaka? Kwa ine sizinkalowa.

Ndiye pamalo pomwepo pankakhala mayi wina wogulitsa nthochi, wachitsikana, woseka ndi aliyense. Akationa ankakuwa kuti adalaivala afika. Mutu wanga unalumikiza zinthu ziwirizo msangamsanga. Nditamuuza Esinati anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

“Amayi, chibwenzi chake achite ine ndili pompo ndikusenda nthochi? Komanso amagula nthochizo ndinu.”

Ndinamuuza kuti kuseka n'kwa ana, amuna sawadziwa. Sanasekenso. Kuyambira tsikulo ndinkamuona naye akuyang'anitsitsa mayi uja tikaima, ndipo mumtima ndinkati ndamutsegula maso.

Tsiku la tsokalo linali la mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Wogula wina ku Dedza ankafuna mpunga wambiri. Bambo a Tadala anati tiugawe maulendo awiri, koma ine ndinaona kuti maulendo awiri ndi kuima kawiri pa nthochi paja. Ndinalamula kuti wonse ukwere, wina m'galimoto wina mu tirela. M'mawa mwake mwana wamng'ono wa Esinati anadzuka ndi malungo, moti Esinati anapita naye kuchipatala. Munthu wanzeru akanasiya ulendowo, kapena akanapereka makiyi n'kutsala. Ine ndinakwera. Tinali awiri okha, mpongozi ndi mkamwini, popanda wotilumikiza.

Kuchoka kunyumba mpaka pa Golomoti palibe anatsegula pakamwa. Titayamba kukwera, galimoto inkalira mosiyana ndi kale, ikusintha giya n'kubwereranso, ngati munthu wosadziwa chimene akufuna. Titayandikira mtengo uja ndinamva kaphokoso ka indiketa, kagetsi kosonyeza kuti tikupatuka. Mayi wa nthochi anali atanyamuka kale ndi lichero lake. Pamenepo ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo pa zaka zonse zimene bambowa anakhala pakhomo panga. Ndinawalankhula mwachindunji.

“Bambo a Tadala, lero sitiima.”

Maso ali pamsewu, anati, “Amayi, yatopa.”

“Ikapumira pamwamba.”

Mkamwini sayankha kawiri. Anazimitsa indiketa, tinadutsa.

Tinakhota makona atatu kapena anayi. Kagetsi kena kanayamba kuphethira patsogolo pa chiwongolero. Kenako kunabwera fungo, osati la dizilo, koma ngati shuga wopserera m'poto. Injini inayamba kubangula kwambiri koma galimoto osapita, ndipo ndinaona mitengo ya m'mbali ikuyenda molakwika. Tinkabwerera chambuyo. Bambo a Tadala anaponda mabuleki, anakoka ya pamanja, koma kulemera kwa mpunga kunkatikokabe pang'onopang'ono, ndipo mbali ina kunali phompho. Ngakhale pamenepo sanathe kundilamula. Anangoti, “Amayi, mukanatsika, mukanaikako mwala.” Ndinatsika, ndinakunkhuniza mwala umene lero sindingaunyamule, n'kuutsamiritsa ku tayala. Tirela inapindikira mu ngalande ya mbali ya phiri, zonse zinaima. Ndinakhala pansi, pa tala wotentha wa msewuwo.

Mungaganize kuti apa ndinaphunzira. Ayi. Mpunga tinausamutsira mu lole ina, anthu anatithandiza kutembenuza galimoto, inatsetsereka yokha mpaka pa Golomoti. Makaniko uja anabwera, ananunkhiza oyilo, anapukusa mutu. Anati tikafuna kuikokera kunyumba, ayambe wamasula chitsulo chachitali cha pansi chimene chimazunguza matayala akumbuyo, apo ayi tiikweze pa lole, chifukwa yotomatiki siikokedwa ngati galimoto zina. Ine ndinati ehe, nthawi imene ankaidikira yakwana. Ndinakana. Tinaimanga chingwe kumbuyo kwa lole, ndipo ndinalamula kuti injini izimitsidwe, pakuti galimoto yokokedwa ingamwerenji dizilo. Tinayenda choncho mtunda wonse mpaka kwathu. Pofika, pansi pake pankalira ngati mwaika miyala mu chigayo.

Mwana wanga wa ku Joni ataimba, anali wolusa. Anafunsa kuti walakwa ndani. Inu owerenga, apa ndi pamene ndinachimwa kuposa pa phiri paja. Ndinati galimoto ili ndi woyendetsa mmodzi. Ndinawonjeza kuti alamu ake ankaizunza poimaima m'njira chifukwa cha mkazi wa nthochi. Iye anawaimbira, anawanyoza mawu amene sindingalembe, mpaka kuwakumbutsa kuti pakhomopo ndi obwera. Bambo a Tadala sanamuuze kuti ndinawaletsa kuima ndine. Mboni panalibe, ndipo mkamwini sanganeneze mpongozi wake. Patapita sabata anati akukaona munda kwawo. Sanabwerere.

Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kumbuyo kwake koika katundu. Popeza sindikhulupirira munthu mmodzi, ndinaitana amakaniko osiyanasiyana, wina asadziwe za mnzake. Woyamba anati yapsa ndi kutentha pokoka katundu wopyola muyeso. Wachiwiri anandionetsa oyilo, wakuda bii, nati akanasinthidwa sizikanachitika. Wachitatu anati pa phiri paja inangovulala, akanaikonza mosavuta, koma chinaimaliza ndi chingwe chija. Wina wa ku Salima anati galimoto zoterezi si zokokera katundu n'komwe, pamene mnzake amene anabwera naye anamutsutsa pamaso panga, nati ya abwana ake yakoka boti zaka zambiri osadandaula, bola kuisamala. Anatsala pang'ono kumenyana pabwalo panga. Mpaka lero sindidziwa kuti woona ndani, mwinanso inachoka ku Joni itatopa kale. Koma ndinaona zinthu ziwiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mkazi. Ndipo amakanikowo atakwawira pansi, madontho anga a penti anali momwemo pa bawuti iliyonse. Palibe anaba kanthu. Chilichonse chimene amakanikowo anatchula chinali chimene ndinalamula ine.

Ndinapirira miyezi iwiri. Esinati ankaphika, ankatunga madzi, koma kulankhula nane kunali kwa moni basi, ndipo ana ankafunsa za bambo awo tsiku ndi tsiku. Tsiku lina tikupeta mpunga ndinamuuza zonse, za indiketa, za mawu anga aja. Ndinkayembekeza kuti akuwa kapena alira. Iye sanasiye n'kupeta komwe.

“Anandiuza tsiku lomwelo, amayi. Anati ndisakuchititseni manyazi. Timadikira kuti munene nokha.”

Ndinaimbira wa ku Joni n'kumuuza zoona. Kenako ndinatuma mchimwene wanga, amene ndi nkhoswe ya banjalo, kuti apite ndi nkhuku kwa bambo a Tadala. Nkhuku analandira. Anati alibe mangawa ndi ine, ukwati sunathe, koma pakhomo pamene anauzidwa kuti ndi obwera sangabwererepo. Anapempha chitengwa, kuti mkazi wawo ndi ana akakhale kwawo. Kwathu mwana wamkazi ndiye mudzi, ndipo Esinati ndi mwana wamkazi yekhayo amene ndili naye. Mchimwene wanga anandifunsa ngati ndikukana. Ndikanakana ndi pakamwa pati? Esinati ndi ana ananyamuka pa ngolo ya ng'ombe, mdzukulu wanga Tadala atakhala pamwamba pa matiresi akundibayibitsa ngati akupita kokasangalala.

Za magalimoto sindingakuphunzitseni zambiri, poti ine ndemwe sindinazimvetse. Ndingoti mukakhala nayo yosintha magiya yokha ndipo mukukokera katundu, musaisenzetse ngati bulu, woyendetsa akati ipume ipume, za oyilo funsani kwa amene waiona osati amene anaigulitsa, ndipo ikafa musathamangire chingwe. Koma langizo langa lenileni likupita kwa inu apongozi anzanga. Mkamwini akakhala chete si kuti wavomera, ndi mwambo wamumanga pakamwa. Munthu amene sangakuyankheni musamulamule pa ntchito imene iye akuidziwa inu simukuidziwa, ndipo musamusenzetse mlandu podziwa kuti sadzakutsutsani. Ine ndinkalondera mabawuti, osadziwa kuti wofunika kumulondera ndi amene wasunga makiyi.

Bambo a Tadala pano akuyendetsa lole ya munthu wina. Mwezi wathawu tinakumana pa msika wa Mtakataka. Anavula chipewa, anapatuka, inenso ndinapatukira mbali ina monga mwa mwambo. Mawu akuti pepani anali pakamwa penipeni, koma sanatuluke, ndipo mpaka lero sindinawauze ndi pakamwa panga. Ndimadziuza kuti mwambo sulola. Koma pa phiri paja mwambo womwewo sunandiletse kulankhula.