Vaneti ya Amake Taonga

Pa msika wa m'mbali mwa msewu pa Sinda pali mayi wina wogulitsa matimati ndi anyezi amene anzake amati ali ndi makutu a makaniki. Dzina lawo ndi a Mirriam Sakala, koma aliyense amangowaitana kuti amake Taonga. Galimoto ikaima pafupi ndi tebulo lawo, amayamba amvetsera injini asanatchule mtengo wa matimati. Nthawi zina amauza dalaivala kuti, "Mwana wanga, lamba wa fani watsala pang'ono kuduka, sufika naye ku Petauke." Anyamata ambiri amangoseka n'kumapita. Sadziwa kuti agogo a duku lothethekawa anayendetsa galimoto pafupifupi zaka khumi, kale pamene mkazi wogwira chiwongolero anthu ankatuluka m'nyumba kudzamuona.

A Mirriam anakwatiwa ali ndi zaka makumi awiri. Amuna awo, a Elias, anali dalaivala ku migodi ku Kitwe, ndipo mu 1979 anasiya ntchito n'kubwerera kwawo ndi vaneti ya Pijo 404, yoyera motuwirako, ya tenti yobiriwira kumbuyo. Magiya ake anali pamunsi pa chiwongolero, mpando wakutsogolo unali umodzi wautali, wokwana anthu atatu. A Elias ankanyamula nayo katundu wa anthu pakati pa Sinda ndi Katete, ndipo banja linkadya bwino.

Patapita zaka zinayi matenda a shuga anayamba kuwadya maso. Anabisa kwa miyezi, mpaka tsiku lina masanasana anatsala pang'ono kugunda ngolo ya ng'ombe imene aliyense ankaiona patali. Atafika kunyumba anakhala pakhonde n'kuitana akazi awo.

"Mirriam, maso anga atha," anatero. "Motokayi ikaima, ana adya chiyani? Mawa uyamba kuphunzira."

Anakaphunzirira pa bwalo la mpira la kusukulu. Anthu anadzaza m'mbali ngati kuli masewera. Mng'ono wawo wa a Elias, a Patson, amene ankayembekeza kuti makiyi agwera iwo, anaima pansi pa mtengo manja ali m'thumba n'kumauza anthu kuti mkazi pa chiwongolero ndi malodza. A Elias anali atamuyesapo kale mng'ono wawoyo, n'kupeza kuti ali ndi phazi lolemera ndiponso samva zouzidwa.

Poti maso sankaona bwino, a Elias anaphunzitsa ndi makutu. "Usayang'ane mapazi ako. Mvera injini. Ikayamba kudandaula, isinthire giya isanakuwe." A Mirriam anazimitsa injini kambirimbiri tsiku loyamba, anthu n'kumafa ndi phwete. Ku Chipata analephera mayeso ulendo woyamba, atagwetsa mgolo pobwerera chammbuyo. Ulendo wachiwiri anabwera ndi laisensi. Umo munali mu 1984.

Amene anayamba kuwakhulupirira anali a Yakubu, mwini sitolo pa Katete, wobadwira ku Malawi cha ku Mangochi. Poyamba anakayikira. Anazungulira vaneti kawiri akugwira ndevu, kenaka anati, "Chabwino amayi. Mchere, shuga ndi sopo uyu akafike ku Vubwi. Pobwera mutenge nsawawa zanga."

Inali nyengo ya mvula. Atadutsa Chadiza, pa kamtsinje kena kopanda mlatho, vaneti inatitimira m'matope mpaka m'mimba. Kutsidya kunali amuna asanu a pa lole imene inali itakanirira kuyambira m'mawa, ndipo anakhala pansi kuti aonere. A Mirriam anavula nsapato, n'kumanga chitenje m'chiuno, anaphwetsako pang'ono matayala akumbuyo, n'kudula nthambi kuyala pansi. Anayamba ndi giya yachiwiri, mwakachetechete, osaikalipira injini. Vaneti inagwedezeka, inatuluka. Amuna aja palibe anaseka. Atabwerako tsiku lachitatu, matope ali mpaka m'tsitsi, a Yakubu anawerenga matumba a nsawawa n'kunena kuti, "Kuyambira lero katundu wanga sakwera motoka ina."

Zaka zimenezo ndi zimene a Mirriam amazitchula kuti moyo. Ankadzuka mbandakucha, kuona madzi ndi oilo, kupukuta galasi ndi nyuzipepala yakale. Ananyamula thonje, mpendadzuwa, malata, mbuzi, akwati, ndi maliro omwe. Mwezi wa Ogasiti ankapita maulendo atatu pa tsiku ku Mkaika, kumbuyo kutadzaza amayi opita ku mwambo wa Kulamba, akuimba ndi kumenya m'mbali mwa vaneti ngati ng'oma. A Elias ankakhala pambali pawo atavala magalasi akuda, zenera lili lotsegula, ndipo ankadziwa pamene afika pongomva kugwedera kwa msewu.

"Apa ndi pa chitunda cha a Mvula," ankatero. "Chepetsa, kutsogoloku kuli dzenje."

"Dzenje lija anakwirira chaka chatha, bambo."

"Ndiye chepetsa polemekeza malo amene linali."

Mu 1988 a Elias anapita ndi a Mirriam ku Chipata n'kukasinthitsa dzina m'buku loyera, chikalata chosonyeza mwini galimoto. "Woyendetsa ndiwe," anatero, "dzina likhale lako." A Mirriam analikulunga m'pulasitiki n'kuliika pansi pa sutikesi.

A Elias anamwalira mu Juni 1993. Tsiku lachitatu atawaika m'manda, abale a mwamuna anakhala pabwalo kuti akambe za katundu. Anatulutsa wailesi, makina osokera, mipando, n'kuziika pakati. Kenaka a Patson anatambasula dzanja.

"Alamu, makiyi."

"Motokayo ndi imene ikudyetsa ana a akulu anu," anayankha a Mirriam. "Ndipo woyendetsa ndine, inunso mukudziwa."

"Akulu anga anagula motoka imeneyo ndi thukuta la kumigodi, inu musanadziwe n'komwe kuti kilachi n'chiyani. Ana ndi anu, kwanu kuli amalume awo. Motoka ndi ya kwathu."

A Mirriam anayang'ana akuluakulu amene anakhala pamenepo, anthu amene anawanyamulapo ulere kupita nawo kuchipatala. Onse ankayang'ana pansi. Mayi wina wachikulire wa kuchimuna ananena motsitsa mawu kuti ngati nkhaniyi ivuta, mwambo wowasudzula suchitika, akhala namfedwa womangika mpaka kalekale, osaloledwa kuthira mchere m'ndiwo za anthu kapena kukwatiwanso. Pamenepo a Mirriam anali atagona pansi sabata yathunthu, mwana wamng'ono ali kumsana, mutu ukuwawa. Analowa m'nyumba, anatenga makiyi, anawaponya pamphasa. Za buku loyera palibe anafunsa, chifukwa palibe ankadziwa kuti liliko.

Ena anawauza pambuyo pake kuti apite kukhoti. Sanapite. Ankaopa kuti ana awo adzakula opanda abale, ndiponso mphamvu zokangana zinali zitawathera pamaliro.

Vaneti inakhala miyezi isanu ndi itatu m'manja mwa a Patson. A Mirriam, amene anali atayamba kugulitsa matimati, ankaimva ikubwera isanaoneke, magiya akukukuta ngati munthu wotafuna mchenga. Ankatembenukira kwina mpaka itadutsa. Tsiku lina a Patson anaiyendetsa yopanda madzi kuchokera ku Katete, injini inapsa, ndipo anaikoka ndi ng'ombe kupita nayo kumudzi kwawo, cha kunjira ya ku Nyanje.

A Mirriam anayesa kufuna ntchito ya udalaivala. A Yakubu panthawiyo anali ndi lole yokha, imene laisensi ya a Mirriam sinkalola. Kwina ankawauza kuti mkazi wa ana atatu sangagone m'njira. Laisensi inatha, sanaikonzenso. Ana anakulira pa matimati. Taonga, woyamba kubadwa, anaphunzira unamwino, ndipo ndi amene amakhala nawo lero.

Mu 2023, anthu atangokolola, galimoto yaikulu yakuda inaima pamsika. Munatuluka bambo wina wa ku Lusaka dzina lake Humphrey, ndi nkhalamba yoyenda ndi ndodo imene a Mirriam anaizindikira ndi mapewa. Anali a Patson. Zaka makumi atatu anali asanapondepo pakhomo pawo.

"Alamu, muli bwanji?"

"Ndili bwino. Matimati ndi awa, sankhani."

A Humphrey ndi amene anafotokoza. Iwo amagula magalimoto akale n'kuwadzutsa, ena amanyamula akwati ku Lusaka. Anamva za Pijo imene ili kumudzi, anakaiona, anaikonda. Koma sakanatha kuilembetsa popanda buku loyera, ndipo atafufuza anapeza kuti dzina la mwini wake ndi Mirriam Sakala.

"Buku lilipo," anatero a Mirriam. "Koma ndiyambe ndaiona."

Anadzera kunyumba kukatenga bukulo, n'kupita tsiku lomwelo, Taonga akuwaperekeza. Vaneti inali kuseri kwa khola la mbuzi, itakhala pa njerwa, yopanda matayala. Tenti inatha kalekale. Pampando pamene a Elias ankakhala panali nkhuku ikufungatira mazira. Koma chitsulo chinali chikadali cholimba, galasi lakutsogolo losasweka. A Mirriam anagwira chiwongolero kudzera pazenera, n'kupeza pamene chala chawo chachikulu chinasalalitsa.

A Humphrey atatsegula boneti, a Mirriam anayamba kuwalozera: apa tinawotcherera ku Chadiza, waya uyu ndinamanga ndekha, pampu iyi imafuna uyambe waigogoda kukazizira. Bamboyo anasiya kulemba m'foni n'kumangowayang'ana.

"Amayi, motoka iyi ndingaidzutse pa miyezi isanu ndi umodzi," anatero. "Ikadzayenda ndidzabwera nayo pa Sinda. Woyamba kuiyendetsa mudzakhala inuyo."

Maganizo a Mirriam anabwerera m'mbuyo. Anaona msewu wa ku Mkaika, anamva fungo la mpando ukatenthedwa ndi dzuwa. Dzanja linali litalowa kale m'chikwama mmene munali buku.

Anthu a m'mudzimo anali atasonkhana, ndipo a Patson anawatembenukira n'kunena mokweza kuti, "Mwaona? Motoka ya akulu anga ndaisunga bwino zaka zonsezi. Ikanakhala m'manja mwa ena bwenzi itagulitsidwa kalekale."

A Mirriam anatulutsa dzanja m'chikwama lopanda kanthu.

"Alamu, buku ndipereka, ndipo sindifunapo kanthu. Koma nenani pamaso pa anthu awa kuti motokayi munalanda kwa ine ndi ana amasiye. Mawu okhawo."

"Ndinalanda chiyani? Cha m'bale wanga?" A Patson anagogoda ndodo pansi. "Zakale zinapita, alamu. Tonse takalamba. Mukufuna ndigwade pamaso pa adzukulu anga?"

"Sindinati mugwade. Ndati munene."

"Sindinganene bodza."

"Ndiye nkhukuyo ipitirize kufungatira."

A Humphrey anayesa kunyengerera mbali zonse mpaka dzuwa linapendeka. A Patson anati galimoto ili pakhomo pawo, a Mirriam anati dzina lili m'buku mwawo. Pomaliza bamboyo anasiya nambala yake kwa Taonga, nati adikira mwezi umodzi.

Kunyumba Taonga sanawasiye. "Amama, a Patson sadzanena mawu amenewo ngakhale pa bedi la imfa. Inu mukufuna chiyani kwenikweni, kuwagonjetsa kapena kuiona ikuyenda?"

"Iwe unali mwana. Sunaone mmene ndinaponyera makiyi aja."

"Ndinaona. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndinaima pakhomo."

A Mirriam anaumirira masabata atatu. Ankagulitsa matimati maganizo ali kwina, kubweza chenji cholakwika, kukalipira anzawo popanda chifukwa. Mmawa wina, akumwa tiyi, anaika buku patebulo.

"Muimbire bambo uja. Umuuze abwere adzatenge."

Taonga anaimba, ndipo a Humphrey anakondwa, nati atumiza lole Loweruka. Kenaka Taonga anaimbira msuweni wake wa kumudzi kuja kuti auze a Patson. Anamvetsera kanthawi, nkhope inasintha, anaika foni pansi.

Sabata yapitayo kumudziko kunali kutabwera anyamata ogula zitsulo zakale, ndi sikelo yawo ndi moto wodulira. A Patson, poona kuti za ku Lusaka zakanika, anawagulitsa vanetiyo. Anaidula tsiku limodzi, kuyambira m'mawa mpaka masana, n'kukweza zidutswa pa lole pamodzi ndi makasu othyoka ndi mapoto obooka.

A Mirriam anamaliza tiyi wawo. Anatsuka kapu, anaipukuta, anaiika pamalo pake.

"Akanangonena mawu amodzi," anatero.

"Nanunso mukanangopereka buku tsiku lomwe lija," anayankha Taonga.

Masiku awiri sanalankhulane. A Patson anamwalira chaka chotsatira, osanena mawu aja. A Mirriam anapita kumaliro chifukwa cha ana awo, anakhala ndi amayi anzawo, anaimba nawo nyimbo, koma kuseri kwa khola la mbuzi sanapiteko. Pobwerera anakwera minibasi yodzaza, dalaivala wake mnyamata woyendetsa ndi dzanja limodzi kwinaku akulankhula pa foni. Anakhala kumbuyo kwenikweni, thumba la chimanga cha munthu wina lili pamiyendo pawo, mpaka pa Sinda.