Dooko la Che Amisi

Che Amisi anakulira ku Makanjira akukoka ngalawa za eni ake. Kumeneko anaphunzira lamulo lomwe silinawachoke mpaka lero: mwera ukakuntha, bwato lililonse lofika pa dooko umalikokera kumtunda. Sufunsa mwini wake, ngakhale akhale amene anakubera ukonde dzana. Mafunso amadikira madzi adekhe.

Atafika ku Joni, imvi zisanamere, anapeza ulonda pa nyumba yosungiramo katundu ku Isando. Tsiku loyamba anamva bwana akutchula khonde limene malole amaimapo potsitsa katundu, iwo n'kuseka okha. Dzina lake linali lomwe lija la kwawo, dooko, kungoti mzungu amalidula mchira. Anzawo ankati dzinalo linafika kunyanja ndi sitima za azungu, ndipo Che Amisi sankatsutsa. "Analibweretsa lili chitsulo," ankatero, "ife ndi amene tinaliika mtima."

Nakonso kachipinda kawo ka kuseri kwa nyumba ya eni ku Vosloorus, Amalawi ankakatchula kuti pa dooko. Wotsika basi wopanda m'bale ankangolozeredwa kumeneko. Ena ankagona sabata, ena ankaiwala kuchoka. Mmodzi wa oiwalawo anali Kenneth wa ku Ntcheu, amene anafika ndi jumbo imodzi ndi chifuwa cha m'njira. Che Amisi anamugawira bulangete, n'kumupemphera ulonda kuntchito kwawo. Mnyamatayo Chingerezi chinali pakamwa, moti posakhalitsa anakhala kapitawo wa alonda onse, n'kusamukira ku nyumba ya mpanda.

Tsono masana ena m'Novembala kunagwa matalala aja a kuno ku Joni, oboola malata. Kunja kwa geti kunali Mayi Sabra, ogulitsa mandasi kwa antchito, khanda lili kumbuyo, pobisala palibe. Lamulo la kampani Che Amisi ankalidziwa bwino: wakunja akaponda pa khonde lija, mlonda ntchito yatha. Ankadziwanso kuti pa msinkhu wawo ulonda wina sangaupeze. Koma manja anatsekula geti mutu usanamalize kuganiza. Mayiwo anakhala pambali pa lole mpaka kunja kutayera, anathokoza, n'kumapita. Palibe ngakhale katoni imodzi imene inasowa.

M'mawa mwake Kenneth anawaitana mu ofesi, n'kuwatembenuzira kanema wa kamera.

"Madala, awa ndinu?"

"Ndine. Mwanayo akanavulala. Si pa dooko paja?"

"Pano si kunyanja, madala. Dooko ili ndi la malole. Bwana wawona kale, ine ndilibe chochita. Siyani yunifomu."

Ndilibe chochita! Mawu amenewa ine wokamba nkhaniyi amandiwawa kuposa chitonzo. Munthu amene anatsokomola miyezi pa mkeka wa mkuluyu analephera ngakhale kupita kwa bwana kukanena kuti chonde. Akulu ankati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame, koma Kenneth anaiwala ndi pansi pomwe. Lole ikhale pamthunzi, khanda liswedwe mutu, ndiye timati dongosolo limenelo?

Che Amisi sanakangane naye. Anapinda yunifomu, anakwera takisi, mtima ukuwira. Njira yonse ankalumbira chamumtima kuti basi, kukoma mtima kwawadyetsa zokwana. Kachipinda kaja akaika loko wamkulu, aliyense azikaona kwa abale ake.

Pofika pakhomo anapeza mayi wachilendo atakhalira chikwama, mapazi otupa ndi ulendo wa basi. Mayiyo anagwada powapatsa moni.

"Ndinu Che Amisi? Ine ndine Clara, mlongo wake wa Kenneth. Anandiuza ndisananyamuke kuti kwawo alonda a pageti salola alendo ogona, koma ndifikire kuno. Akuti pano ndiye pa dooko, simubweza munthu."

Che Amisi anaima, kiyi ali m'manja. Mawu onse amene anawameza mu ofesi muja anafuna kuwakhuthulira pa mayiyu. Kumwamba cha ku Boksburg mitambo inali itayambanso kuda, mphepo ikuulutsa mapepala pabwalo. Anayang'ana mitamboyo, anayang'ana mapazi aja.

"Nyamukani, chemwali," anatero, akunyamula chikwama. "Lowani isanayambe. Za achimwene anu tikamba ikakata."