Mayi Owolotsa Ana Pamsewu wa Malole

Pamphambano ya sukulu ina m'dera la Bronx, kutsidya kwa nyanja, pamaima mayi owolotsa ana, chikwangwani chili m'manja, kampope ka mankhwala a mphumu kali m'thumba. Malole opita kumsika waukulu amadutsa pomwepo kuyambira m'bandakucha, moti pofika nthawi yoweruka mayiwa amakhala atasasa mawu. Saseka kawirikawiri. Mwana aliyense amamudziwa ndi kapumidwe kake, ndipo akamva kachifuwa kakulira amauza kholo mosazungulira kuti, "Uyu asathamange lero, kunja kuno kwaipa."

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, dalaivala wina anaimika lole pafupi ndi geti n'kuyamba kudya, injini ikulirabe. Utsi wa dizilo unkakwera kulunjika mawindo a kalasi. Mayi aja anagogoda pagalasi la lole, dalaivala n'kulitsitsa.

"Bambo, tazimitsani injiniyo."

"Amayi, kukuzizira. Upolisi mwauyamba liti?"

Iwo sanakangane naye. Anakwera pachopondera, nasendera pafupi ndi khutu lake, n'kungopuma. M'chifuwa mwawo munkalira ngati chitseko chadzimbiri.

"Mwamva? Ine ndakula kale. M'kalasi umo muli a zaka zisanu amene akupuma chonchi."

Dalaivala anasiya kutafuna. Anayang'ana mawindowo kwa kanthawi, kenako anazimitsa injini.

"Mwana wanga wamkazi amapumanso choncho," anatero motsitsa mawu. "Timangoti ndi chimfine."

"Si chimfine, bambo. Mupite naye kuchipatala lero lomwe. Inenso mwana wanga ankapuma chonchi. Ndinati ndidikire Loweruka, ndipo Loweruka lomwelo ndi limene tinamuika m'manda Marisela wanga."