Mphini pa Phazi Lozizira

Vuto linayambira pa katumba wa mwendo wamanzere, chaka chatha nthawi yokolola. Ndinkapalasa kabaza ku Balaka, ndipo ndikangoyenda pang'ono katumbayo ankakokana moti ndinkatsitsa kasitomala panjira. Ndikapuma, ululu unkatha. Kenako phazi linayamba kuzizira ngakhale pa dzuwa loswa mtengo.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu ndinapitako kangapo. Ndinkafika m'mamawa, kukhala pabenchi mpaka masana, n'kubwerako ndi panado. Phazilo palibe analiyang'anapo. Zimenezi zimandipwetekabe mtima.

Amalume anga, a Kassimu, anagamula kuti anzanga a pasiteji ya kabaza anandipondetsa mankhwala chifukwa cha nsanje. Anabwera ndi sing'anga, yemwe ananditema mphini paphazi ndi pazala n'kupakapo zakuda. Magazi sanatuluke kwenikweni, amalumewo n'kumati umenewo ndiye umboni wa ufiti. Mphinizo sizinapole. Pofika nthawi yozizira, chala chaching'ono chinali chitada ngati khala, chikununkha.

Mkazi wanga ndiye ananditengera kuchipatala chachikulu. Namwino wina wachikulire, mayi Chikaonda, anandivula nsapato zonse ziwiri, n'kugwira pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kuti amve kugunda kwa magazi. Kumanja kunamveka, kumanzere kunali zii. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi anazipezanso zokwera.

"Bambo, mitsempha yanu yatsekeka, magazi sakufika kuphazi," anatero. "Phazi lotere silitemedwa. Mwendo tiyesetsa kuti utsale, koma chalachi iyayi."

Chala anadula ndi madokotala, koma mwendo anaulimbikira ndi mayi aja. M'mawa uliwonse ankatsuka bala, kuona ngati kudako kukukwera, n'kundiyendetsa pakhonde ngakhale ndikudandaula. Anandiletsa fodya, kuwothetsa phazilo pamoto ndi kuyenda osavala nsapato. Amalume anabwera kamodzi, n'kunena kuti pakanapanda mphini zija bwenzi zitaposa pamenepa. Mpaka lero sitilankhulana bwino.

Pano bala linapola, mankhwala ndikumwa tsiku lililonse, ndipo kumsika ndimafika popanda ndodo. Mwendo wanu ukamapweteka poyenda n'kumazizira, musalole lumo. Pitani kuchipatala chala chisanade, mukaumirire kuti akugwireni phazilo. Ine mwendo ndili nawo, koma kupalasa sindingathenso. M'mawa ndimangokhala pakhonde, kuonerera mlamu wanga akutuluka ndi njinga yanga.