Risiti ya a Lorne

Pakamwa pangapa pandilakwitsa zambiri, koma za a Lorne Kozak ndiye zimandidyabe mpaka lero.

A Lorne anali makaniko wa mabasi onyamula ana asukulu pagalaja pathu ku Kenora kuno, zaka makumi atatu. Munthu wamtali, wosayankhulayankhula, manja bii ndi oyilo. Basi ikakana kulira m'mawa wozizira, palibe ankafunsa za bwana, aliyense ankangoti a Lorne afika? Nyanja ikauma gwa ndi chisanu, Loweruka lililonse ankakaboola dzenje pamadzi oundanawo n'kumawedza, Lolemba n'kutibweretsera nsomba zowamba. Akazi awo, a Bernice, atamwalira ndi khansa mu Novembala, nsombazo zinaleka kubwera.

Ine ndimagwira muofesi. Kampani imapatsa wantchito aliyense madola mazana asanu pachaka oti asamalire thupi lake: nsapato zothamangira, njinga, jimu, ngakhale chiphaso chowedzera. Ukagula umabweretsa risiti kwa ine, ndalama n'kukubwezera. Ambirife timangogula zokafera m'chipinda chapansi. Ine makina anga othamangirapo ndimayanikapo matawulo, sindibisa. A Lorne okha sanatengepo ngakhale senti, ati thupi lawo limasamalidwa ndi sipanala.

Ndiye mu Febuluwale anabwera chipewa kumanja, n'kutseka chitseko. Anandipatsa risiti ya kudziwe losambiramo la tauni, maphunziro khumi, kalasi ya oyamba kumene. Anafunsa ngati zoterezi zimaloledwa, ine ndinati kwabasi. Kenaka anafotokoza akuyang'ana pansi. Mkulu wawo anamira iwo akuona, iwowo ali mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chiyambire pamenepo sanakwerepo bwato. A Bernice ankapalasa okha zaka zonsezi kupita kukachilumba kamene kali pakati pa nyanja, ndipo anapempha kuti thupi lawo likawotchedwa, phulusa lake likatayidwe kumeneko mu Julayi. A Lorne anawalonjeza m'chipatala kuti adzawaperekeza okha.

"Zikhale za awirife, Colleen," anatero.

Ndinavomera, koma lonjezolo silinafike n'komwe pa nkhomaliro. Anthu anali kumuseka Dwayne, dalaivala amene ankalimbikira kuti mowa womwera ku gofu nawonso ndi wathanzi, ine n'kufuna kuti yanga nkhani ipose. Ndinangoilavula. Za mkulu wawo ndi za phulusa ndinazisiya dala, ndinatola chosekesa chokhacho. Munthu wobadwira m'mphepete mwa nyanja, imvi mbuu, osatha kusambira. Wina mpaka anatsamwa ndi khofi. Dwayne anati n'chifukwa chake mkuluyu nyanja amaikonda ikauma basi. M'mawa mwake pabokosi lawo la zida panapachikidwa timatumba tampweya tapinki tomwe amamanga ana m'mikono pophunzira kusambira, ndipo ena akamadutsa ankalira ngati bakha.

A Lorne sanakalipire munthu. Anangobwera kudzatenga risiti yawo, ati asintha maganizo, osandiyang'ana kumaso. Ndinamva kuti kudziweko anali atapitako kawiri. Ulendo wachitatu anapeza mkazi wa Dwayne ali pabenchi kudikira ana ake, anabwerera pakhomo pomwepo ndipo sanapitekonso. Kanayi konse ndinatsika kugalaja kuti ndikapepese, kanayi konse ndinakafunsa za mafomu. Ndine wamantha, ndi mmene ndilili.

Mu Julayi mwana wawo Shauna anatiitana tonse kukanyumba kawo ka kunyanja. Linali Loweruka m'mawa, madzi ali bata. Shauna anawamanga bambo ake jekete yoyandamitsa, mwamuna wake atagwira bwato mwamphamvu. A Lorne anaponda mwendo umodzi m'bwatomo, kabokosi ka phulusa atakakumbatira pachifuwa. Bwato linangopendeka pang'ono, iwo anaubweza msanga mwendowo. Anayesa katatu, Dwayne atavula chipewa. Kenaka anakweza mwendowo, napereka kabokosi kwa Shauna kuti apite nako kukachilumbako.

Anaima kumapeto kwa matabwa a padooko mpaka bwato linachepa. Ndinasendera pafupi, ndinati pepani a Lorne, ndine ndinayambitsa zonsezi.

"Ndikudziwa," anatero, maso ali kubwato. "Mphunzitsi wa kudziwe uja anati ndinkachita bwino. Ndinali nditayamba kulowetsa nkhope m'madzi."

Jekete ija sanaivule mpaka Shauna atabwerako.