Buku la Atate Lopanda Tsamba Loyamba

Atate anatha moyo wawo wonse akulimbana ndi njovu ku Kakumbi. Munda wathu unali chakumapeto, kufupi ndi paki ya nyama zakutchire, ndiye njovu zikatuluka zinkayambira kwathu. Iwo ankadziwa kuumba njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola, ankadziwa pozifukizira kuti utsi ukakumane ndi njovu zisanafike pa chimanga, ndipo akaona mapazi m'mawa ankanena ngati zinali zazikazi za ana kapena yamphongo yoyenda yokha. Atamwalira ndinaopa kuti nzeru zija tazikwirira nawo limodzi, choncho ndinayamba kulemba.

Zinanditengera zaka ziwiri, pa kompyuta yakale, ndikaweruka kuntchito yanga yonyamula zikwama pabwalo la ndege ku Mfuwe. Kusindikiza pa pepala sindikanakwanitsa, ndiye ndinapanga buku lowerengera pa foni. Patsamba loyamba ndinaika chithunzi cha atate ali pansanja yawo yolonderapo, dzina lawo m'zilembo zikuluzikulu, langa pansi, ndi mawu oletsa kukopera popanda chilolezo. Wolifuna ankandilembera, n'kulipira pang'ono, ine n'kumutumizira. Koma chimene mtima wanga unkafuna n'chakuti aliyense wofukiza tsabola adziwe amene anamuphunzitsa.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndi mlembi wa gulu la alimi. Iwo ndinawapatsa laulere, poti ndi a pabanja. Pasanathe mwezi buku lija linandibwerera kudzera pagulu la pa foni la kutchalitchi kwathu, ndi mawu akuti, "Malangizo a njovu, tumizani kwa ena." Nditalitsegula ndinapeza likuyambira patsamba lachiwiri. Atate munalibe.

Ndinawapeza alamu akukonza njinga pakhonde.

"Mwaswera bwanji, mulamu?" anandilonjera akumwetulira. "Buku lanu layenda, lafika mpaka ku Lupande konse."

"Nanga tsamba loyamba lili kuti?"

"Netiweki ya kuno mukuidziwa. Chithunzi chija chimadya bandulo. Ndinayesa ka faivi, osapita. Nditachotsa peji wanu uja, linangopita ngati madzi."

"Simunawerenge zomwe ndinalemba pamenepo?"

"Ndinawerenga. Koma mulamu, mbewu timapatsana. Anthu njovu zikuwathera chimanga, inu mukufuna ayambe apempha chilolezo?"

Ndinakwiya, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sanali kunama kwenikweni. Atate sanamanepo munthu nzeru. Koma wophunzira kwa iwo ankadziwa khomo lomwe wazitenga, ndipo akakolola ankabwera kudzathokoza.

Ndinachepetsa chithunzi chija, n'kutumiza buku lathunthu kwaulere m'magulu onse omwe ndinalimo. Yankho linali limodzi: "Tili nalo kale." Ndani angawononge bandulo pa chinthu chomwe ali nacho? Madzi akatayika saoleka.

Chimanga chitayamba kumasula, kunachitika msonkhano wa alimi pansi pa mtengo wa pasukulu, ndipo ndinapita ndi amayi. Mlangizi wina wa bungwe lina anatulutsa mapepala osindikizidwa n'kuyamba kuwerenga. Anali masamba anga, ngakhale zolakwika zanga za kalembedwe zinalimo. Bambo wina atafunsa amene analemba, mlangiziyo anati ayenera kuti ndi akatswiri a ku Lusaka. Ndinaimirira n'kunena kuti ndine, ndipo nzeruzo ndi za atate anga. Ena anaseka. Wina kumbuyo anati wonyamula zikwama za azungu wayamba liti kulemba mabuku. Alamu anga anali pomwepo ndi kope lawo la msonkhano, maso ali pansi.

Amayi satha kuwerenga. Tili m'njira yobwerera kunyumba anaima n'kukonza chitenje.

"Paja anawerenga kuti njovu usamaikuwire, uziyamba wafunsa mphepo," anatero. "Amenewo ndi mawu a atate ako. Ankandiuza ine chaka chilichonse."

Ndinawatsegulira buku lathunthu pa foni yanga. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chawo chili pa nsanja ija.

"Ndiye anthu onsewa ali ndi mawu awo, koma dzina lawo lili mufoni yako yokha?"

Ndinavomera ndi mutu. Anandibwezera foni, n'kupitiriza kuyenda patsogolo panga.